Kamera ikalowa m'khoti: mafilimu a anthu a ku Africa ndi milandu yopanda chigamulo

Mu November 2013, msodzi wina anapeza mtembo wa mwana wamkazi wa miyezi 15 pagombe la Berck-sur-Mer, kumpoto kwa dziko la France. Mayi wa mwanayo, wobadwira ku Senegal, anavomera kuti anakwera sitima kuchokera ku Paris, nakamugoneka mwanayo pamchenga usiku, madzi a m'nyanja akukwera, iye n'kubwerera. Mlandu unazengedwa mu June 2016 m'tauni ya Saint-Omer, ndipo anamugamula kukhala kundende zaka 20. Atachita apilo mu 2017, zakazo zinatsika kufika pa 15.

Mwa anthu amene ankadzadza mabenchi a khotilo munali Alice Diop, wokonza mafilimu wobadwira ku France mu 1979 kwa makolo a ku Senegal. Kamera analibe, poti lamulo la dzikolo linaletsa kujambula m'khoti kuyambira mu 1954. Anangokhala n'kumamvetsera. Zimene anamva zinabala filimu ya Saint Omer, yomwe inatuluka mu 2022 n'kupata mphoto ziwiri pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice. Ndi filimu imeneyi imene yachititsa ambiri kuyamba kufunsa chifukwa chake okonza mafilimu a ku Africa, ndi ana awo obadwira kunja, amakonda kutengera nkhani za banja ndi za ulendo m'bwalo la milandu, komanso chifukwa chake ena mwa iwo amatseka filimu woweruza asanatsegule pakamwa.

Amene anazolowera mafilimu a milandu a ku America amadziwa zoyembekezera: loya wolusa, mboni yogwidwa bodza, umboni wotulukira pa mphindi yomaliza, kenako chigamulo ndi misozi. Mu Saint Omer mulibe zimenezo. Wozengedwa mlandu, amene mufilimumu akutchedwa Laurence Coly, wavomera kale kuti anachita. Woweruza akumufunsa ngati akudziwa chimene anaphera mwana wake. Iye akuyankha kuti sakudziwa, ndipo akuyembekeza kuti mlanduwu umuuza. Kuyambira pamenepo funso loti anachita ndani latha. Latsala funso lovuta kuposa, loti munthu ameneyu ndani, ndipo anafika bwanji pagombe paja popanda womuona.

Kuti izi zimveke, m'pofunika kudziwa kuti khoti la ku France silizenga mlandu ngati makhoti athu amene tinatengera kwa Angerezi. Kwathu kuno maloya a mbali ziwiri ndiwo amalimbana, amapanikiza mboni ndi mafunso, woweruza n'kumaonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. Ku France, pa milandu ikuluikulu, woweruza wamkulu ndiye amafunsa mafunso ambiri. Amakhala ndi oweruza anzake awiri ndi anthu wamba 6 osankhidwa mwa maere, ndipo onse amagamula pamodzi. Asanafike pa tsiku la mlanduwo, amayamba afufuza moyo wonse wa woimbidwa mlandu: anakula bwanji, makolo ake ndani, anaphunzira kuti, anakondana ndi ndani. Ndiye kuti wozengedwayo amalankhula nthawi yaitali, ndi pakamwa pake. Kwa wokonza filimu amene akufuna kuti mkazi wakuda amvedwe kwa mphindi zambiri popanda womudula, dongosolo limeneli ndi mwayi waukulu. Diop anaimika kamera malo amodzi, osaigwedeza. Guslagie Malanda, amene akusewera ngati Laurence, waima ndi juzi yofiirira patsogolo pa khoma la matabwa ofiirira, moti ukamayang'ana nthawi yaitali amakhala ngati akulowa m'khomalo. Mawu ambiri amene akulankhula anatengedwa pa zimene zinanenedwa pa mlandu weniweni.

Zimene akufotokoza ndi mbiri ya banja. Ku Dakar makolo ake ankamuletsa kulankhula Chiwolof kuti Chifalansa chake chikhale chopanda banga. Anamutumiza ku France kukaphunzira zamalamulo. Atasintha n'kuyamba maphunziro a nzeru zakuya, bambo ake anasiya kutumiza ndalama. Anakakhala kwa mzungu wina wamkulu kwambiri kwa iye, amene ankamubisa kwa abale ake. Anabereka yekha m'nyumba, mwana osamulembetsa ku boma, mayi ake omubala osawauza. Pofika tsiku limene anakwera sitima lija, panali patapita nthawi yaitali palibe amene anamufunsa kuti wadzuka bwanji.

Apa m'pamene nkhani ya ulendo imalowera, ndipo ndi ulendo wosiyana ndi umene timauona pa nkhani za pa wailesi yakanema. Laurence sanawoloke nyanja pa bwato. Anapita pa ndege, ali ndi mapepala, atasenza chiyembekezo cha banja lonse. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni kapena ku Britain akudziwa kulemera kwa chiyembekezo chotere: munthu amalephera kuimba foni kumudzi n'kunena kuti zinthu zavuta, chifukwa kumudziko akumuwerengera ngati wopambana. Khoti nalo silikudziwa pomuika. Atolankhani akudabwa kuti amalankhula Chifalansa chapamwamba, ngati kuti n'chozizwitsa. Mphunzitsi wa ku yunivesite akuperekera umboni kuti sankamvetsa chifukwa chimene mkazi wa ku Africa ankafunira kulemba za Wittgenstein, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Austria, m'malo mosankha wina woyandikira chikhalidwe chake. Laurence akatchula kuti analodzedwa, ena akuti ndi bodza lothawira mlandu, ena akuti ndi chikhalidwe cha kwawo. Onsewa akupikisana kumufotokoza, koma womumvetsera akusowa.

Womumvetsera weniweni wakhala pa benchi la anthu oonerera. Ndi Rama, wolemba mabuku, nayenso mwana wa anthu a ku Senegal, woyembekezera, ndipo sagwirizana ndi mayi ake. Anabwera kudzatola nkhani yoti alembe buku, koma tsiku lililonse akubwerera ku hotela ali wosweka, chifukwa mwa Laurence akuonamo mayi ake, amene anatopa ndi moyo wa kuchilendo mpaka kuuma mtima, ndipo akuopa kuti nayenso adzatero kwa mwana ali m'mimbayo. Pali chithunzi chimodzi chimene sichichoka m'maso: Laurence akutembenuka, maso ake akukumana ndi a Rama, ndipo akumwetulira pang'ono. Rama akutuluka m'khoti mothamanga.

Loya wa Laurence akamaliza kulankhula, filimu ikutha osanena kuti agamula chiyani. Ena amakwiya nazo, amati mwana wafa ndipo filimu ikuzemba. Ine ndikuona kuti sikuzemba. Palibe paliponse pamene ikunena kuti mayiyu ndi wosalakwa, ndipo zaka zimene anapatsidwa aliyense angazipeze. Chimene Diop akukana ndi kutipatsa mpumulo umene chigamulo chimabweretsa, woti munthu wamva "zaka 20", wapuma, wanyamuka, waiwala.

Pali otsutsa kuti imeneyi si filimu ya ku Africa: ndalama ndi za ku France, anaijambulira ku France, ndipo France ndi imene inaitumiza ku mpikisano wa Oscar. N'zoona, ndipo Diop ndi nzika ya France. Koma nkhani ya mwana wotumizidwa kunja, ya mayi wobwera kuchokera kwawo kudzakhala pa benchi n'kumaonerera mwana wake akuzengedwa, ndi nkhani ya mabanja a ku Africa lero. Kuikana chifukwa cha malire a dziko kukhala kukana abale athu omwe.

Zaka 16 Saint Omer isanatuluke, Abderrahmane Sissako anali atachita chinthu cholimba mtima kwambiri. Sissako anabadwira ku Mauritania mu 1961, anakulira ku Mali, ndipo zamafilimu anaphunzira ku Moscow. Mu Bamako, filimu ya mu 2006, oimbidwa mlandu ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi bungwe la IMF, ndipo odandaula ndi anthu wamba a mu Africa. Mlandu wotere sunachitikepo, ndipo palibe khoti limene lingauzenge. Iye anaumanga yekha, pabwalo la nyumba ya bambo ake mumzinda wa Bamako, likulu la Mali, kumene anakulira. Anaitana maloya enieni, monga William Bourdon wa ku France ndi Aïssata Tall Sall wa ku Senegal kumbali ya odandaula, ndi Roland Rappaport kumbali ya mabungwewo. Mboni zambiri zinalankhula zakukhosi kwawo, osati zoloweza. Mmodzi mwa iwo ndi Aminata Traoré, amene anakhalapo nduna ya zachikhalidwe ku Mali.

Oweruza avala mikanjo yawo, mafayilo aunjikana patebulo, koma moyo wa pakhomo sunaime. Amayi akunyika nsalu mu utoto, ena akutunga madzi, mwana akuyenda pakati pa mipando, gulu la ukwati likudutsa n'kuimitsa zokambirana. M'chipinda china muli munthu wodwala. Kunja kwa mpanda anthu akumvera pa mkuzamawu, ndipo akatopa akuudula. Zikufanana ndi bwalo la mfumu kumudzi, kumene mlandu umakambidwa pansi pa mtengo nkhuku zikudutsa, ndipo amene akukhudzidwa ndi chigamulo ali pomwepo. Sissako akuchita dala zimenezi. Ngongole za maiko zimakambidwa ku Washington m'zipinda zotseka. Iye wazibweretsa pamalo pamene zotsatira zake zimagwera.

Zotsatirazo mboni zikuzitchula: ndalama zobweza ngongole kuposa zopita ku zipatala ndi sukulu, makampani a boma kugulitsidwa, njanji ya pakati pa Dakar ndi Bamako kuperekedwa m'manja mwa amalonda. Owerenga a ku Malawi sangazione zachilendo. Dziko lathu linayamba ndondomeko zomwezi mu 1981, misika yambiri ya ADMARC inatsekedwa, ndipo njala ya mu 2002 inafika chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, boma ndi IMF n'kumalozana zala. Ofufuza zachuma angatsutse mfundo zina za mufilimuyi, ndipo loya wa mabanki akukumbutsa za katangale wa atsogoleri athu, zomwe si bodza. Komabe mphamvu ya Bamako sili m'masamu.

Ili mwa anthu atatu. Woyamba ndi mnyamata amene akufotokoza ulendo wake wofuna kukafika ku Spain: anabwezedwa, anatayidwa m'chipululu cha Sahara ndi anzake popanda madzi, ndipo ambiri anafera m'njira. Apa n'kuti chaka cha 2005 changodutsa, pamene anthu anawomberedwa pokwera mipanda ya Ceuta ndi Melilla, matauni a dziko la Spain ochita malire ndi Morocco, ena n'kukasiyidwa m'chipululu. Wachiwiri ndi mphunzitsi wakale amene akuitanidwa, akutchula dzina lake, kenako akungoima chete mpaka kubwerera pamalo pake. Wachitatu ndi mkulu wina wa kumudzi, Zégué Bamba. Kumayambiriro akufuna kulankhula nthawi yake isanakwane, ndipo akumukhazika pansi. Chakumapeto akudzuka osapempha, litchowa lili m'manja, n'kuyamba kuimba mofuula, nyimbo yodandaula, kwa mphindi zingapo. Sissako sanaike mawu omasulira pansi pa chithunzi. Oweruza sakumva, oonera ambiri sakumva, koma palibe amene angakayike kuti mkuluyu akunena chiyani.

Pabwalo lomwelo pakutha banja. Melé amaimba m'bala usiku. Mwamuna wake Chaka ntchito inamuthera, ndipo amakhala ndi buku akuphunzira Chiheberi poyembekeza kuti tsiku lina dziko la Israel lidzatsegula ofesi ya kazembe ku Mali, iye adzapeze ntchito ya ulonda. Salankhulana. Maloya akamaliza mawu awo, chigamulo sichikubwera. M'malo mwake kukumveka mfuti usiku, ndipo m'mawa mipando ya khoti yakhala mipando ya pamaliro a Chaka.

Sissako anabwereranso ku khoti mu Timbuktu, ya mu 2014, koma tsopano ndi khoti la zigawenga zimene zinalanda kumpoto kwa Mali mu 2012. Woweta ng'ombe, Kidane, wapha msodzi pa mkangano wa ng'ombe. Iye amalankhula Chitamasheki, woweruza Chiarabu, ndipo pakati pawo pali womasulira. Akumuuza kuti apereke ng'ombe 40, pamene iye watsala ndi 7. Akalira za mwana wake wamkazi amene atsale wamasiye, woweruza akuvomereza kuti zikumupweteka, koma akuuza womasulira kuti mawu amenewo asawamasulire. Kidane akupita kukaphedwa osadziwa kuti anamumvera chisoni. Amene anaimapo m'khoti limene milandu imayenda m'Chingerezi, n'kumadikira kuti womasulira amuuze zimene akunena za moyo wake, adzamva kuwawa kwa chithunzi chimenechi.

Si mafilimu onse amene amabisa chigamulo, ndipo apa m'pamene nkhaniyi ikuyandikira kwathu. Neria, filimu ya ku Zimbabwe ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ambiri timaikumbukira chifukwa cha nyimbo ya Oliver Mtukudzi. Anaitsogolera ndi Godwin Mawuru, nkhani yake analemba ndi Tsitsi Dangarembga. Mwamuna wa Neria wamwalira pangozi, mlamu walanda buku la kubanki, katundu, mpaka ana, ati ndi mwambo. Mayiyo akupita kukhoti ndipo akupambana. Apa chigamulo sichikanabisika, chifukwa cholinga chinali choti mayi wamasiye woonera adziwe kuti khomo la khoti ndi lotsegukira iyenso. Moyo weniweni unachedwa kutsatira: mu 1999 khoti lalikulu la ku Zimbabwe, pa mlandu wa Magaya, linagamula kuti mwana wamkazi sangalowe chuma cha bambo ake pamene mwana wamwamuna alipo, potsata mwambo. Kuno ku Malawi lamulo latsopano la chuma cha masiye, lomwe limati kulanda katundu ndi mlandu, linabwera mu 2011.

Seasons of a Life ya Shemu Joyah ikuyenda njira yomweyo. Mtsikana wantchito wapatsidwa mimba ndi bwana wake, wakakamizika kusiya mwanayo m'manja mwa banjalo kuti apitirize sukulu, ndipo patapita zaka 6 akubwera kudzamufuna. Nkhani ikukathera kukhoti, kumene funso ndi lakuti mayi wa mwana ndani, womubereka kapena womulera. Mmodzi mwa osewera, Tapiwa Gwaza, analandira mphoto ya mafilimu a mu Africa ya AMAA mu 2010 chifukwa cha filimuyi. Ndipo ku Cameroon, Florence Ayisi ndi Kim Longinotto anajambula milandu yeniyeni m'tauni ya Kumba mu Sisters in Law, ya mu 2005, potsatira woimira boma pa milandu Vera Ngassa ndi woweruza Beatrice Ntuba. Muli mayi amene akusumira mwamuna wake womumenya ngakhale abale akumuuza kuti akakambirane kunyumba, ndi kamwana kokhala ndi zipsera thupi lonse chifukwa chomenyedwa ndi azakhali ake. Chigamulo chikaperekedwa, amayi anzake a wodandaulayo akusangalala poyera, ndipo woonera amasangalala nawo.

Ndiye kusiyanaku kukuchokera pati? Mmene ndikuonera, kukuchokera pa funso loti khotilo ndi la yani. Pamene mkazi kapena mwana akulimbana ndi mlamu, bwana kapena mwamuna m'dziko lake lomwe, lamulo lolembedwa ndi chida chimene angachigwire, ndipo wokonza filimu amafuna kuonetsa chidacho chikugwira ntchito. Pamene munthu waima pamaso pa dziko la eni, kapena akusumira mabungwe amene palibe wapolisi angawamange, chigamulo chilichonse chingakhale chonamiza. Chotheka n'kungomupatsa nthawi yoti alankhule mpaka amalize. N'chifukwa chake mafilimu amenewa amakhala ndi zithunzi zazitali, nkhope imodzi, mawu ambiri, zomwe ena amati n'zotopetsa. Palinso chifukwa cha m'thumba: chipinda chimodzi kapena bwalo limodzi silidya ndalama ngati nkhondo ndi magalimoto, ndipo okonza mafilimu ambiri a kuno amagwira ntchito ndi ndalama zochepa.

Masiku ano bwalo limene anthu ambiri a pa ulendo amaimapo lilibe mikanjo kapena mabenchi. Ndi kaofesi, tebulo, kompyuta ndi wantchito wa boma mmodzi. L'Histoire de Souleymane, ya mu 2024, anaikonza ndi Mfalansa, Boris Lojkine, koma yasenzedwa ndi Abou Sangaré, mnyamata wa ku Guinea. Souleymane amaperekera zakudya pa njinga mu Paris, pogwiritsa ntchito akaunti yobwereka kwa munthu wina amene amadyapo gawo, ndipo watsala ndi masiku awiri kuti akafunsidwe mafunso ku OFPRA, ofesi yoona za opempha chitetezo. Pangano la ku Geneva la mu 1951 limateteza munthu wozunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, dziko, gulu kapena maganizo a ndale. Umphawi mulibe, matenda a kholo mulibe. Choncho Souleymane wagula nkhani yabodza, yoti anali wachipani chotsutsa ndipo anamangidwa, ndipo akuiloweza akupalasa njinga pakati pa mabasi.

Mayi womufunsayo anaimvapo kale nkhaniyo kwa ena, mawu ake omwewo. Sakumukalipira. Akumuuza kuti nthawi ikadalipo yoti anene zake zenizeni. Mnyamatayo akuyamba, mawu akunjenjemera: mayi ake odwala maganizo, amene anthu ankawasala, kufuna kuwapezera chithandizo, chipululu, ndende ya ku Libya. Zonsezi n'zoona, ndipo mwina palibe chimodzi chimene chikukwanira pa zimene lamulo limafuna. Filimu ikutha iye atatuluka panja, yankho lidzabwera pa kalata.

Sangaré mwiniwake analibe mapepala pamene ankasewera filimuyi. Analandira mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu May 2024 akadali wopanda chilolezo chokhala m'dzikolo. Mu January 2025 boma la France linamupatsa chilolezo cha chaka chimodzi.